Penshoni yathu isasule bomba la nyukiliya

Mwezi ukatha, mphunzitsi wa ku Kawale, namwino wokhala ku Area 25 kapena bambo wa ku Mgona amene amalawirira wapansi kupita kufakitale ku Kanengo, akalandira kapepala ka malipiro maso ake amathamangira mzere wotsiriza, pamene palembedwa ndalama yopita nayo kunyumba. Mizere yapakati, ya msonkho ndi ya penshoni, ambirife timangoidumpha uku tikuusa moyo. Komatu mizere iwiriyi si yofanana. Ya msonkho yapita kuboma. Ya penshoni ikadali yanu ndipo dzina lanu lili pomwepo, kungoti mwaisungitsa kwa anthu ena kwa zaka 20 kapena 30. Wosungitsa aliyense ali ndi ufulu wofunsa kuti, pamene ine ndikudikira ukalamba, ndalama yangayo ili m'manja mwa yani, nanga ikugwira ntchito yanji?

Tiyambe ndi mmene zimayendera. Kuyambira mu 2011, lamulo la dziko lino limakakamiza olemba anthu ntchito kuika antchito awo pa penshoni. Pa K100 iliyonse ya malipiro, wantchito amadulidwa K5 ndipo bwana amawonjezerapo K10. Lamuloli linakonzedwanso mu 2023. Ogwira ntchito m'boma nawo, amene anali ndi zaka 35 kapena kucheperapo mu 2017, anaikidwa pa ndondomeko yosonkha yomweyi, ndipo ndalama zawo zimapita ku thumba lotchedwa Public Service Pension Trust Fund. Ndalama zonsezi sizigona m'bokosi. Zikanati zizingogona, kukwera mitengo kwa zinthu kukanazidya ngati anankafumbwe m'nkhokwe. Choncho makampani monga Old Mutual ndi NICO amazilowetsa m'malonda kuti ziswane: amagula masheya pa msika wa Malawi Stock Exchange, amabwereketsa boma, amamanga kapena kugula nyumba za maofesi ndi masitolo. Woyang'anira zonsezi mwa lamulo ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi.

Amayi a banki m'khonde ku Chinsapo ndi ku Biwi nkhaniyi amaidziwa kuposa ophunzira ambiri. Ndalama ya gulu siigona, imabwerekedwa kuti ibwere ndi chiwongoladzanja. Koma gulu limadziwa wobwereka ndi geni yake. Atabwera munthu n'kunena poyera kuti akufuna mpamba wokapangira chinthu chopha mudzi wonse, ndipo adzabweza ndi phindu lalikulu, palibe tcheya kapena msungichuma amene angatsegule bokosi. Amayiwo sangafunse n'komwe za kuchuluka kwa phindulo. Thumba la penshoni ndi banki m'khonde yaikulu, kusiyana kwake n'kwakuti eni ndalama sakhala pamphasa pamene ndalama ikubwerekedwa.

M'maiko ena, antchito atafufuza anapeza kuti ndalama zawo za penshoni zinagula masheya m'makampani opanga zida za nyukiliya. Boma la America kapena la France silisula lokha mizinga yonyamula mabomba amenewa. Limapereka makontirakiti ku makampani, ndipo makampaniwo amagulitsa masheya kwa aliyense. Lockheed Martin imapanga mizinga ya Trident yoponyedwa kuchokera m'sitima zoyenda pansi pa nyanja. General Dynamics imapanga sitimazo. Northrop Grumman ikupanga mizinga yatsopano yotchedwa Sentinel. Boeing, Honeywell, BAE Systems, Airbus ndi Safran nawonso ali ndi mbali yawo pa ntchitoyi. Bungwe la ku Netherlands lotchedwa PAX, mogwirizana ndi gulu la padziko lonse lolimbana ndi zida za nyukiliya la ICAN, limatulutsa lipoti lotchedwa Don't Bank on the Bomb, lotchula maina a makampaniwa komanso mabanki ndi matumba a penshoni amene amawapatsa ndalama. Pempho la anthu ochita kampeni yotsutsa zimenezi ndi limodzi: chotsani ndalama zathu kumeneko, ndipo musakazibwezerenso.

Ena anamva. Thumba lalikulu la boma la Norway, limene amasungiramo chuma chochokera ku mafuta, linayamba kuchotsa makampani otere pakati pa zaka za m'ma 2000. Mu January 2018 thumba la ABP, la ogwira ntchito m'boma ndi aphunzitsi ku Netherlands, limodzi mwa matumba akuluakulu padziko lonse, linalengeza kuti likugulitsa masheya ake a makampani a zida za nyukiliya. Mu December 2021 khonsolo ya mzinda wa New York inavomereza chigamulo chopempha kuti penshoni za ogwira ntchito mumzindawo zichotsedwe m'makampani omwewa.

Mwina wowerenga wina ku Area 23 wayamba kale kupukusa mutu. Ufa wakwera, lendi yakwera, mafuta a galimoto akusowa, ndiye munthu n'kumatiuza za mabomba a azungu? Funsoli ndi loyenera ndipo sindilipeputsa. Ndiyankha pang'onopang'ono.

Choyamba, tidziwe chinthu chimene tikukamba. Pa 6 August 1945 ndege imodzi ya America inaponya bomba limodzi pa mzinda wa Hiroshima ku Japan. Pofika kumapeto kwa chakacho anthu pafupifupi 140,000 anali atafa. Patapita masiku atatu lina linagwa pa Nagasaki n'kupha anthu oposa 70,000. Ambiri sanali asilikali. Anali ana opita kusukulu, amayi otsuka mbale, odwala ali m'chipatala pamodzi ndi madokotala amene akanawathandiza. Opulumuka anadwala khansa kwa zaka zambiri pambuyo pake. Mabomba awiriwo ndi aang'ono poyerekeza ndi amene alipo lero. Panopa padziko pali mabomba a nyukiliya pafupifupi 12,000, m'manja mwa maiko asanu ndi anayi: America, Russia, China, France, Britain, India, Pakistan, North Korea ndi Israel, ngakhale Israel savomera poyera. Gulu la ICAN linawerengetsa kuti mu 2024 mokha maikowa anawononga madola oposa 100 biliyoni pa zida zimenezi. Mfuti msilikali angathe kuilunjika kwa mdani wake. Bomba ili silisankha, limapsereza mzinda wonse ndi aliyense ali momwemo.

Chachiwiri, utsi wake udzafika pamphika wathu. Tinaona kale mu 2022 mmene nkhondo ya Russia ndi Ukraine, yomenyedwa kutali komwe ambirife sitidzapondako, inakwezera mtengo wa feteleza, mafuta ophikira ndi buledi kuno kwathu. Imeneyo ndi nkhondo ya zida wamba. Chaka chomwecho akatswiri otsogoleredwa ndi a ku yunivesite ya Rutgers ku America anafalitsa kafukufuku m'magazini ya sayansi ya Nature Food wofotokoza zimene zingachitike mizinda itapsa ndi mabomba a nyukiliya. Mwaye ungakwere kumwamba kwambiri n'kuphimba dzuwa kwa zaka, dziko lingazizire, mvula ingachepe, mbewu zingakanike. Anapeza kuti nkhondo ya India ndi Pakistan yokha ingaphe ndi njala anthu oposa 2 biliyoni, ndipo ya America ndi Russia oposa 5 biliyoni. Ife tikudziwa chimene nyengo imodzi yoipa imachita. Mu March 2024, chifukwa cha ng'amba ya El Niño, maboma 23 mwa 28 a dziko lino analengezedwa kuti ali pangozi ya njala. Pamenepo n'kuti maiko ena ali ndi chimanga choti atigulitse kapena kutipatsa. Taganizani zaka zingapo zotsatizana chimanga chikukanika paliponse, kopanda kokapempha. Dziko lodalira mvula ndi khasu ngati lathuli lingakhale m'gulu loyamba kugwa, ngakhale bomba litaphulika kutsidya kwa nyanja.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa, Africa analowetsedwa kale m'nkhani ya bombali popanda womufunsa. Yureniyamu wambiri amene America anagwiritsa ntchito popanga mabomba ake oyamba anakumbidwa ku mgodi wa Shinkolobwe, m'chigawo cha Katanga ku Congo, ndi manja a anthu akuda amene sanauzidwe chimene ankakumba. Mu February 1960 France anaphulitsa bomba lake loyamba loyesera ku Reggane, m'chipululu cha Sahara ku Algeria, ndipo anthu a kumeneko akudandaulabe mpaka lero. Kufupi ndi kwathu kuno, kuyambira mu 1952 migodi ya golide ya ku Joni inayamba kutulutsanso yureniyamu kuchokera m'miyala yomweyo ya golide, n'kumagulitsa ku America ndi Britain pa nthawi imene maikowa ankadzaza nkhokwe zawo za mabomba. M'migodi ya golide imeneyo munali agogo athu. Anapita pa Wenela, ena amati pa Theba, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, mpaka Kamuzu Banda ataletsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70. Ambiri anabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosatha. Ena, kapena amasiye awo, akulondolabe ndalama zawo mpaka pano. Palibe anawafunsa ngati akulola kuti thukuta lawo lithandize kusula chida chopsereza mizinda. Agogo sanafunsidwe chifukwa analibe mawu. Ife adzukulu tili ndi mabungwe a antchito, tili ndi Nyumba ya Malamulo, tili ndi lamulo la penshoni. Tikapanda kufunsa ifeyo, ndiye kuti tasankha tokha kukhala chete.

Ndipotu dziko lathu linayankhula kale. South Africa ndi dziko lokhalo limene linapanga lokha mabomba a nyukiliya kenako n'kuwaphwasula. Anali asanu ndi limodzi, ndipo F. W. de Klerk anaulula zimenezi mu March 1993. Mu 1996 maiko a mu Africa anasaina ku Cairo pangano loti kontinenti yonse ikhale yopanda zida za nyukiliya. Analitcha Pelindaba, dzina la malo a pafupi ndi Pretoria kumene kunali likulu la ntchito za nyukiliya za South Africa, ndipo m'Chizulu mawuwa amatanthauza kuti nkhani yatha. Malawi ali m'panganoli, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2009. Kenaka mu July 2017 maiko 122 anavomereza ku United Nations pangano loletseratu zida za nyukiliya. Malawi anasaina pa 20 September 2017, tsiku loyamba lenileni, ndipo anatsimikiza kulowa kwake pa 29 June 2022. Panganoli limaletsa kupanga, kusunga, kugwiritsa ntchito zidazi kapena kuopseza nazo, komanso limaletsa kuthandiza wina aliyense kuchita zimenezo. Silitchula ndalama mwachindunji, koma maiko angapo amene ali m'panganoli amanena kuti kupereka mpamba kwa wopanga bomba n'kumuthandiza. Ine ndikugwirizana nawo. Wobwereketsa nkhwangwa akudziwa bwino kuti ikukadula mtengo wa kumanda sanganene kuti iye sanadule nawo.

Tsopano ndinene chilungamo, chifukwa nkhani yabwino siifunika kuikometsa ndi bodza. Ndalama zambiri za penshoni za ku Malawi zili konkuno, m'ngongole za boma, m'masheya a makampani a pa msika wa ku Blantyre ndi m'nyumba. Pa msika umenewo palibe kampani yopanga mizinga. Malamulo a ndalama zakunja, kuphatikizapo kusowa kwa madola kumene tonse tikukudziwa, amachititsa kuti kutumiza ndalama za penshoni kunja kukhale kovuta. Choncho sindikunena kuti K5 ya mphunzitsi wa ku Kawale ili ku Lockheed Martin lero. Ndikunena kuti ino ndiyo nthawi yabwino yolemba lamulo loti isadzapiteko, chifukwa lero kulilemba sikutayitsa munthu ngakhale tambala imodzi. Mpanda timamanga mbuzi zisanalowe m'dimba.

Ndipo tsiku lotumiza ndalama kunja likhoza kufika. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Aliyense wosunga ndalama za ena akaona zotere amalakalaka gawo lina litakhala m'madola, ndipo maganizo amenewo si oipa. Matumba athu akukula pamene makampani a pa msika wathu ndi ochepa. Khomo lakunja likadzatseguka, njira yachidule imene ambiri amatsata ndi kugula dengu la masheya losakaniza kale, mwachitsanzo la makampani akuluakulu 500 a ku America. Zili ngati kugula mulu wa usipa pamsika: susankha kansomba kamodzikamodzi, umatenga mulu wonse. M'dengu limenelo muli makampani a mafoni, a mankhwala, a zakumwa, ndipo momwemonso muli Lockheed Martin, General Dynamics ndi Northrop Grumman. Umu ndi mmene aphunzitsi ndi anamwino a m'maiko ena anapezekera ali eni masheya a mizinga osadziwa. Madengu opetedwa kale, ochotsamo makampani otere, alipo pamsika. Koma wogula amayenera kuchita kuwaitanitsa, ndipo amawaitanitsa pokhapokha eni ndalama atamuuza.

Kwa abale athu amene ali ku South Africa pa ntchito zolembedwa, nkhaniyi si ya mawa. Malamulo a kumeneko amalola thumba la penshoni kuika kunja mpaka 45 peresenti ya chuma chake. Mmalawi wodulidwa ndalama ya penshoni ku Johannesburg kapena ku Cape Town ali ndi chifukwa chofunsira lero lomwe.

Pali mafunso awiri amene anthu oganiza bwino amafunsa. Loyamba ndi la phindu: kodi tikasala makampani amenewa, penshoni yathu siichepa? Makampani okhudzidwa ndi zida za nyukiliya amene masheya awo amagulitsidwa poyera ndi makumi ochepa chabe pakati pa makampani zikwizikwi. Thumba la Norway lawasala kwa zaka pafupifupi 20 ndipo lakula mpaka kukhala limodzi mwa matumba olemera kwambiri padziko. N'zoona kuti pa zaka za nkhondo masheya a zida amakwera, ndipo wosala amaphonya kaphindu kameneko. Koma tiyeni tilitchule dzina phindulo: ndi ndalama imene imabwera anthu akamaopana ndi kuphana. Penshoni ndi ndalama yokonzera mawa. Kuiika m'chinthu chimene ntchito yake yokha ndi kufafaniza mawalo n'kudzitsutsa.

Lachiwiri ndi lakuti, kodi zimathandiza? Thumba limodzi likagulitsa masheya wina amagula, fakitale siitseka. Zimenezo n'zoona. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo ife a kum'mwera kwa Africa tinaona denga likusenzedwa. M'zaka za m'ma 1980 mayunivesite, mipingo, mizinda ndi matumba a penshoni ku America ndi ku Ulaya anachotsa ndalama zawo m'makampani ochita malonda ndi boma la tsankho la South Africa. Mu 1985 banki ya Chase Manhattan inakana kuwonjezera nthawi ya ngongole za dzikolo, mabanki ena n'kutsatira, ndipo chuma cha boma la tsankho chinagwedezeka. Amene anagwetsa tsankho ndi anthu a ku South Africa eni ake ndi magazi awo, koma kuuma kwa ndalama kunafupikitsa ulendo. Chitsanzo china ndi cha mabomba omwaza timabomba ting'onoting'ono, amene analetsedwa ndi pangano la 2008. America sanasaine panganolo, komabe mabanki ambiri atayamba kusala opanga zidazo, kampani ya Textron ya ku America komweko inalengeza mu 2016 kuti yasiya kuzipanga. Chinthu chikayamba kuchititsa manyazi, ochipanga amayamba kuwerengera mtengo wa manyaziwo.

Masiku ano mphepo ikuwomba mobwerera. Chiyambireni nkhondo ya ku Ukraine, andale ena ku Ulaya, ngakhale ku Norway komwe, akukakamiza kuti matumba ayambirenso kuika ndalama m'makampani a zida. N'chifukwa chake mawu a maiko ngati lathu, amene alibe bomba, safuna bomba ndipo sabisala pansi pa bomba la wina, akufunika kumveka kwambiri tsopano.

Wina adzafunsa za Kayelekera. Mgodi wa yureniyamu wa ku Karonga unatsegulidwa ndi Paladin mu 2009, unaima mu 2014, ndipo unayambanso mu 2025 pansi pa Lotus Resources, boma lathu lili ndi gawo la 15 peresenti. Tisasokoneze zinthu. Yureniyamu wa kumeneko amagulitsidwa kwa makampani opanga magetsi, ndipo mphamvu ya nyukiliya imagwiranso ntchito m'makina ounikira ndi kuchiza khansa. Kampeni imene ndikukamba siikulimbana ndi magetsi kapena chipatala. Komabe dziko lokumba mwala umenewu lili ndi udindo woposa ena woonetsa kuti manja ake ndi oyera, kumgodi ndi kuthumba komwe. Za fumbi, madzi ndi umoyo wa anthu a ku Karonga ndi nkhani ina yofunika tsiku lakelake.

Ndikudziwa kuti dandaulo lalikulu la wantchito wa ku Lilongwe pa penshoni si bomba. Ndi bwana amene amadula ndalama mwezi ndi mwezi koma osaipereka kuthumba, vuto limene Reserve Bank yakhala ikulidandaula chaka ndi chaka. Ndi mayi wamasiye amene amatha nsapato kuyendera ndalama za malemu mwamuna wake. Ndi penshoni imene pofika tsiku lolandira siigulanso matumba a simenti amene munthu ankawerengera. Koma taonani kuti mavuto onsewa muzu wake ndi umodzi ndi nkhani yathuyi: mwini ndalama sauzidwa kanthu, ndipo anazolowera kusafunsa. Wantchito amene waphunzira kufunsa kuti ndalama yanga mwaiika kuti, ndi yemweyo amene adzafunse kuti ya mwezi wathawu inafika kodi, nanga nyumba mwagulayo mwaigula pa mtengo wanji, kwa yani. Ngakhale inu a kabaza ndi a geni amene mulibe penshoni, nkhaniyi ikukukhudzani, pakuti gawo limene boma limasonkhera antchito ake limachokera ku msonkho umene mumalipira pogula sopo ndi mayunitsi.

Chofunika kuchita si chachikulu. Thumba lililonse la penshoni lili ndi matrasti, anthu amene lamulo limawapatsa udindo wosamala ndalamazo m'malo mwa eni ake, ndipo limakhala ndi chikalata chofotokoza kumene ndalama zingaikidwe ndi kumene sizingaikidwe. M'chikalata chimenecho mukhoza kulowa chiganizo chimodzi chonena kuti thumba ili silidzaika ndalama, mwachindunji kapena kudzera m'dengu la masheya, m'kampani yopanga zida za nyukiliya. Public Service Pension Trust Fund iyenera kuyamba, chifukwa ndi thumba la antchito a boma lomwelo limene linasaina pangano. Reserve Bank ikhoza kuika mfundoyi m'malangizo ake kwa matumba onse. Aphungu athu, pokhazikitsa pangano la 2017 m'malamulo a dziko lino, asaiwale mbali ya ndalama. Ndipo mabungwe a antchito, Malawi Congress of Trade Unions, Teachers Union of Malawi, Civil Servants Trade Union ndi bungwe la anamwino ndi azamba, ali ndi mipando ndi mawu okwanira kuti nkhaniyi ifike patebulo.

Inu amene mumadulidwa K5 pa K100 iliyonse, pitani kwa woimira antchito pamalo panu sabata ino. Mupempheni sitetimenti ya penshoni yanu ndi mndandanda wa kumene thumba lanu laika ndalama. Pa msonkhano wotsatira wa bungwe lanu imikani dzanja, mupemphe kuti chiganizo chija chilembedwe, ndipo muonetsetse kuti mlembi walowetsa pempho lanulo m'maminitsi.